Asidi wa Manja Awiri

Inu ana anga mumandiseka. Ndikagula sopo watsopano wochapira, ndisanamunyowetse n'komwe, ndimayamba ndamugunditsa kunsonga kwa lilime, ndiye mumakodolana n'kumati mayi akalamba, ayamba kudya sopo. Mpongozi wanga wa ku Zingwangwa anafika pondifunsa mwaulemu ngati magazi akundichepera m'thupi. Sekani, palibe mlandu. Koma poti tsopano ndinapuma ndipo ntchito yanga kuno ku Machinjiri ndi kuthamangitsa nkhuku za eni m'dimba, ndati ndilembe kumene khalidweli linachokera, kuti mukadzandikumbukira musadzangoti agogo aja mutu unali utayamba kusokonekera.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa kafakitale kena ka sopo kumunsi kwa Ndirande. Ndinali nditangomaliza Folomu 4, ndikukhala kwa amalume ku Bangwe, ndipo pafakitalepo ananditenga kuti ndizitsuka mabotolo mu labu yoyezera sopo. Labu yake kanali kachipinda kamodzi pamwamba pa masitepe achitsulo, ka zenera limodzi loyang'ana phiri. Dzuwa la m'mawa likalowa pa zenera limenelo linkadutsa m'mabotolo onse a pa shelefu, khoma lonse n'kudzaza timadontho ta kuwala togwedezeka pang'onopang'ono. Pansipo makina ali phokoso, mafuta a ng'ombe akununkha, anyamata akutukwanizana, koma ukatseka chitseko cha labu zonsezo zinkamveka kutali ngati uli pansi pa madzi. Tsiku loyamba ndinangoima pakhomo kukamwa kuli yasa. Mpaka lero ndikalota ntchito, ndimalota khoma limenelo.

Mwini chipindacho anali Che Amidu, bambo wamfupi wa Chiyao wa ku Ndirande komweko, wovala kamzuli koyera ndi jasi loyera lodzaza mabowo a asidi ngati ladyedwa ndi makoswe. Anandifunsa dzina la bambo anga. Nditati a Joni, anati, "Basi, ndiwe Abiti Joni." Ndinati ayi, ine ndine Mlomwe, dzina langa ndine Esinati. Iwo osandiyang'ana n'komwe anati, "Muno Mlomwe ndi Myao amapsa ndi asidi mofanana. Tsuka mabotolo, Abiti Joni." Dzinalo linandimata mpaka tsiku lopuma ntchito.

Muyenera kudziwa chimene tinkachita mmenemo. Sopo amapangidwa ndi mafuta ndi kositiki, soda uja woluma. Kositiki akachepa, sopo amakhala phala. Akachuluka n'kutsalira m'sopo, amadya manja a wochapa. Ntchito ya labu inali kuona kuti wotsalirayo asapyole muyezo. Che Amidu ankadula kachidutswa ka sopo, kusungunula mu sipiriti, n'kudonthetsamo mankhwala ena oyera ngati madzi omwe tinkangowatchula kuti feno. Pomwepo fulasiki yonse, kabotolo kagalasi kosungunuliramo sopoyo, inkasanduka pinki. Kenaka ankatsegula kampopi ka byureti, kachubu kagalasi kokhala ndi mizere, asidi n'kumadontha, dontho, dontho, dzanja lina likuzungulitsa fulasiki, mpaka pinki uja azimiririke. Asidi amene walowa ndiye ankatiuza kuchuluka kwa kositiki. Abale, ine pinki ameneyo anandilodza. Dontho likagwa, pakati pankayera kanthawi, pinki n'kubwereranso kuchokera m'mbali ngati mtambo wokana kuchoka paphiri, kenaka dontho lotsiriza, phaa, madzi mbee. Ndinkaiwala botolo m'sinki madzi n'kumasefukira.

Tsiku lina ndikupukuta shelefu ndinafunsa, "Che Amidu, mabotolo ena alembedwa N, ena M. Kodi si chimodzimodzi?"

Anavula magalasi, n'kundiyang'ana ngati ndatukwana mumzikiti. "Khala pansi. Pa ganyu yomanga nyumba kapitawo amafunsa mafunso awiri. Loyamba: anthu abwera angati? Imeneyo ndiyo M, molalite. Imawerenga mitu ya asidi mu lita imodzi. Lachiwiri: manja onyamula njerwa alipo angati? Imeneyo ndiyo N, nomalite. Tsono asidi uyu haidulokuloliki ali ndi dzanja limodzi, amagwira kositiki mmodzi basi. Kwa iyeyu M ndi N n'chimodzimodzi. Koma mkulu uyu," anagogoda botolo la salifyuliki, asidi uja wa m'mabatire a galimoto, "ali ndi manja awiri. Mutu umodzi, kositiki awiri. Ukaona 1 M ya iyeyu, dziwa kuti ndi 2 N. Ukachoka ku mitu kupita ku manja, chulukitsa ndi awiri. Ukabwerera ku mitu, gawa pawiri. Wamva?"

Ndinati ndamva. Madzulo ake mu basi ya ku Bangwe ndinapezeka ndikuwerenga manja a anthu ogwira chitsulo cha kudenga.

Za kulawa zinabwera ndi mwezi wa Ramadani. Che Amidu sankakhulupirira byureti yokha. Akamaliza kuyeza, ankatenga sopo yemweyo n'kumugunditsa palilime, chifukwa sopo wa kositiki wambiri amaluma ngati wanyambita batire, pomwe wabwino amangowawa chabe. Ankati galasi likhoza kunama, lilime silinama. Koma pa nthawi yosala sakanaika kanthu m'kamwa. Choncho m'mawa wina anandiitana, atandandalika zidutswa za sopo pa thebulo, ena abwino ena oluma dala. "Lero undibwereka lilime lako," anatero. Ndinakana, ndinati ine sindinabwere kudzadya sopo. Anati, "Alomwe mumadya kalongonda wofuna kuphika tsiku lonse kuti asakupheni, ndiye uziopa kasopo?" Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinalawa. Mwezi wonsewo ine ndinali lilime lawo, iwo ali chete pambali kuyang'ana nkhope yanga ikamakwinyika.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Apa n'kuti nditakwatiwa ndi bambo anu, tikukhala ku Chilomoni, ndipo ndinali nditasiya sinki n'kumagwira byureti ndekha. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njira ya njanji, katundu wa kunja ankabwera mochedwa, nthawi zina osabwera n'komwe. Manijala wathu anali a Likoswe, munthu wamtali wa mawu ngati lipenga, amene ankakwera masitepe athu akukalipa kale asanafike pakhomo. "Musandiuze za mankhwala atha! Sopo atuluke!" Koma mtima analibe woipa. Akakalipa m'mawa, masana umangoona akutumizirani mabanzi.

Haidulokuloliki anatha. Che Amidu anatsika kupita kwa mnzawo wokonza mabatire pafupi ndi msika, n'kubwera ndi salifyuliki m'chigubu. Anamusungunula, n'kumuyesa mphamvu ndi soda amene tinamuumitsa mu uvuni, mpaka anakwana 0.1 N ndendende. Madzi oyera opanda mchere atasowa, tinkatchera mvula m'mabeseni padenga, ine n'kumasefa. Feno naye anatha. Apo ndinati basi, tatseka. Koma m'mawa mwake Che Amidu anabwera ndi maluwa a chidede m'thumba la jasi, ochokera kuseri kwa nyumba yawo. Tinawaviika m'madzi otentha, ndipo madzi ake ankabiriwira akakumana ndi kositiki, n'kufiira akakumana ndi asidi. Sanali olondola ngati feno, n'chifukwa chake miyezi imeneyo tinkalawa tonse awiri, koma anatiolotsa. Labu inkanunkha ngati m'dimba. Kunja chiperoni chitaphimba phiri, ife m'kati tikuyang'ana fulasiki ikusintha kuchoka ku msipu kupita ku magazi, osayankhulana. Ndikunena zoona, pa moyo wanga wonse wa ntchito sindinakhalepo wosangalala ngati m'masiku osowa amenewo.

Pakati pa zaka za m'ma 1990

A Likoswe ananditumiza ku kosi. Ndinkaopa kuwauza Che Amidu, koma iwo ndi amene anandikankha, ati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumeneko ndinapeza kuti dziko linasamuka kalekale. Mabuku onse anali a M. Mphunzitsi wathu anati nomalite ndi ya makedzana, chifukwa manja a mankhwala ena amasintha malinga ndi ntchito imene akugwira, pomwe mitu sisintha. Ankanena zoona, sindingamunamizire. Nditabwerako ndi pepala langa anandiika kukhala mkulu wa labu, pamwamba pa munthu amene anandiphunzitsa kugwira pipeti, kachubu kotungira mankhwala. Ndinachita manyazi kwambiri. Iwo anangoti, "Bwana Abiti Joni, tiyi mumwa wa shuga angati?"

Ndinayamba kusintha malebulo kuti akhale a M. Che Amidu anayang'ana shelefu nthawi yaitali, kenaka anati, "Mitu yokhayokha. Nanga manja aziwerenga ndani?" Tinagwirizana chinthu chimodzi: ena onse asinthe, koma salifyuliki woyezera sopo, amene ankamupanga okha ndi manja awo, akhalebe 0.1 N monga kale, ndi masamu ake akale. Botolo limenelo linali lawo. Linkakhala kumapeto kwa shelefu, pamene dzuwa linkayambira kufika.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Che Amidu anagwa ndi sitiroko akuchokera kumzikiti Lachisanu. Atakhala kunyumba nyengo yonse ya mvula, anabwerera ku ntchito akukoka mwendo, dzanja lamanzere lili lende. Anakwera masitepe aja okha, kukana kugwiridwa. Atafika pamwamba akupuma wefuwefu anakweza dzanja lamoyolo n'kunena, "Abiti Joni, tsopano ndine haidulokuloliki." Tonse tinaseka, koma ine ndinatembenukira ku sinki kuti asaone maso anga. Anaphunzira kutsegula kampopi ndi kuzungulitsa fulasiki ndi dzanja lomwelo, mosinthanasinthana. Ankachedwa, koma ankafika. Ndipo akamaliza ankagunditsabe sopo palilime, n'kugwedeza mutu, "Ali bwino."

Fakitale inali itagulidwa ndi eni atsopano. A Likoswe anawasiya pa mpando, koma zina anasintha. Anayambitsa mashifiti awiri, wam'mawa ndi wamasana, aliyense mu labu yekha, ine wanga, Che Amidu wawo. Analamulanso kuti tisiye kupanga tokha asidi woyezera, azigulidwa wopangidwa kale. Mabotolo oyamba anafika ine ndili kumudzi kwathu ku Phalombe, kumene ndinatenga tchuthi kukadwazika amalume aja anandilera, mpaka kuwaika m'manda.

Nditabwerako Loweruka, kunyumba kunabwera a Namaona, mayi woyandikana nafe ku Chilomoni, amene ankadyetsa ana ake ndi ganyu yochapa zovala za anthu. Anabwera kudzapepesa maliro. Pondipatsa moni ndinaona akubweza dzanja msanga. Ndinawagwira pamkono n'kutembenuza zikhato. Kalanga ine! Khungu linali litasupuka pakati pa zala, kunsonga kuli ming'alu yofiira. "N'chiyani ichi, a Namaona?" Anayankha mwamanyazi, ngati olakwa ndi iwo, "Kaya, mwina ndi madzi. Komatu anzanga a kumtsinje nawonso akudandaula. Ati sopo wa kuntchito kwanu masiku ano wakwiya." Ndinawapempha kuti akatenge chidutswa chimene ankachapira. Nditangochigunditsa palilime, chinandiluma mpaka m'makutu.

Lolemba ndinalawirira. Kumapeto kwa shelefu, pamalo pa botolo la Che Amidu, panali botolo latsopano lokongola, lolembedwa 0.1 ndi manambala akuluakulu, pambali pake kachilembo kakang'ono: M. Salifyuliki wa 0.1 M ndi 0.2 N. Manja awiri. Dontho lililonse linkazimitsa pinki kawiri kuposa kale, asidi wolowa n'kukhala theka, ndipo masamu akale ankaonetsa theka la kositiki amene analimodi. Sopo woyenera kubwezedwa mumphika ankadutsa ngati wabwino. Sichinali chilembocho chimene chinandiopsa, poti aliyense akhoza kuphonya kachilembo. Chinandiopsa n'chakuti Che Amidu ankalawa. Sopo woluma chotere anadutsa palilime lawo, iwo n'kumati ali bwino.

A Likoswe anaitanitsa sopo yense amene akanatha kubwezedwa m'mashopu. Tsiku limenelo sanakalipe, ndipo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anatseka chitseko cha ofesi n'kunena, "Mayi, mdala uja ndinamupeza pano. Eni fakitale ndikhoza kuwauza kuti vuto linali botolo, ndipo si bodza. Labu ndi yanu. Mukati akhale, akhala. Mukati apume, apuma ndi ulemu wake wonse. Koma shifiti yachiwiri simungaigwire ndinu, ndipo ndalama za munthu wachitatu palibe. Mundiuze Lolemba likubwerali."

Sabata imeneyo ndinayenda ngati ndili m'tulo. Ndinasintha masamu, ndinalemba pa botolo ndi choko chachikulu, ndinkatsalira masana kulawa sopo wa shifiti yawo mobisa. Ndinkadziuza kuti ndikhoza kumatero mpaka kalekale. Koma ndikadzadwala? Kukadzagwa maliro ena? Ndikayang'ana Che Amidu akuzungulitsa fulasiki, kuwala kwa pazenera kukusewera pa kamzuli kawo, mtima unkati munthu uyu ukamuchotsa muno wamupha. Ndikafika kunyumba n'kuona a Namaona akuchapa atakulunga zala m'mapepala a shuga, mtima womwewo unkanena zina. Bambo anu anati ndilembe kalata, a Likoswe akapereke. Ndinati ayi, munthu amene anandipatsa dzina sindingamutumizire pepala.

Loweruka masana ndinakwera ku Ndirande, ndi chidutswa cha a Namaona m'chikwama. Ndinawapeza pakhonde, chidede chija chili psuu kuseri kwa nyumba. Akazi awo, Abiti Saidi, anabweretsa tiyi n'kubwerera m'nyumba. Tinacheza za maliro, za mvula. Kenaka ndinatulutsa sopo uja n'kumuika pa mpando pakati pathu.

"Talawani uyu, Che Amidu."

Anamutenga, kumugunditsa palilime, n'kugwedeza mutu. "Ali bwino."

"Akuluma," ndinatero. "Akuluma kwambiri."

Anamuyang'ana sopoyo nthawi yaitali. Anamugunditsanso, mbali ina ya lilime, kenaka inanso. Atamuika pansi anati, "Chigwereni, ngakhale tsabola ndimangomva ngati thonje. Ndinkati lilimeli libwerera. Sindinauze munthu, ngakhale mayi akowa."

Ndinawafotokozera za botolo, za kachilembo, za zala za a Namaona. Atamva za M anatseka maso. "Mkulu uja anabwera ndi manja awiri, ine n'kumupatsa moni wa dzanja limodzi."

Ndikanadikira, mwina akananena okha. Koma ndinaona kuti kutero n'kuwasenzetsa katundu wanga. Ndinagwada pansi pakhonde pomwepo, ine mkulu wa labu, n'kunena, "Bambo, a Likoswe andisiyira ine. Ndaganiza kuti mupume. Lolemba ndikawauza choncho."

Nkhope yawo inasintha. "Iwe? Iwe amene unabwera osadziwa kusiyanitsa pipeti ndi udzu womwera thobwa? Ndikhale pakhonde pano ndiziwerenga maminibasi?" Anamenya mpando ndi dzanja lamoyo lija, tiyi n'kutayikira. Ndinalira, koma sindinabweze mawu anga. Tinakhala choncho mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa mpanda. Kumunsi kunkamveka amayi akumenya zovala pamiyala.

Kenaka anafunsa, mawu atatsika, "Amayi ochapa ndi sopo wathu alipo angati?"

"Sindingadziwe. Ndirande yonse, Chilomoni, Bangwe. Ndi ambiri."

"Imeneyo ndi mitu. Chulukitsa ndi awiri." Anakweza dzanja lawo n'kuliyang'ana. "Kuno lilipo limodzi. Masamu amenewa safuna kosi, Abiti Joni. Dzuka, ukudetsa chitenje."

Pondiperekeza anafika pa mpanda pokha. Anandibwezera chidutswa chija m'manja n'kupinda zala zanga pamwamba pake. "Paja ndinkabwereka lilime lako mwezi umodzi pa chaka. Tsopano ndabwereka lonse. Usadzadutsitse sopo osalawa."

Masiku ano

Che Amidu anakhala zaka zingapo pakhonde paja asanatisiye. Ndinkapitako, ndipo sanandikumbutsepo za tsikulo, koma masitepe a labu sanawakwerenso, ngakhale kudzatenga jasi lawo. Amene analowa m'malo mwawo ndinamuphunzitsa za M monga mabuku amafunira, kenaka ndinamukhazika pansi n'kumuuza za kapitawo ndi njerwa. Fakitale ija inatsekedwa ine nditapuma kale. Ndinadutsako chaka chatha, ndi mosungira matumba a simenti, ndipo zenera lathu analitseka ndi malata.

Nthawi zina masana ndikawodzera pampando, ndimapezeka ndili m'chipinda chija. Khoma likugwedezeka ndi kuwala, fulasiki ili pinki, Che Amidu ali ndi manja onse awiri, lina pa kampopi, lina likuzungulitsa. Dontho lotsiriza silimagwa. Ndimadzidzimuka nkhuku zili kale m'dimba.

Ngati ndinachita bwino, ndinachita bwino ndi mtima wosweka, ndipo sunapole wonse. Tsono mukandiona ndikugunditsa sopo palilime, musathamangire kundigulira mankhwala a magazi. Lilimeli si langa ndekha, linabwerekedwa, ndipo mwini wake sanabwere kudzandiuza kuti basi.